Pakukupwetekani ndi pati? Mawu otchulira malo a m'thupi ndi pakhungu

Awa ndi mawu amene mkulu wa zachipatala adalankhula pa msonkhano wa Komiti ya Chitukuko cha m'Dera. Tawasindikiza onse kuti amene sadafike nawonso amve.

Zikomo pondipatsa mpata pakati pa nkhani za milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu. Nkhani yanga siyofuna simenti kapena ndalama za thumba la chitukuko. Ndabwera kudzakamba za mmene tingatchulire bwino malo a m'thupi mwathu tikadwala, komanso tanthauzo la mawu ena amene ife a chipatala timalemba m'timabuku tanu tija.

Funso loyamba m'chipinda cha dokotala ndi lakuti: pakukupwetekani ndi pati? Yankho limene timalandira kawirikawiri ndi lakuti “thupi lonse”, mwina “m'mimba”. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'zoonadi kuti mwini ululu ndiye adziwa pamene uli. Koma m'mimba ndi dziko lalikulu. Muli chifu, chiwindi, ndulu, kapamba, matumbo, impso ndi chikhodzodzo, ndipo mwa amayi mulinso chiberekero ndi njira za mazira. Pachipatala chaching'ono, pamene palibe makina ounikira m'kati mwa thupi, dokotala amadalira mawu anu, maso ake ndi manja ake. Malo amene mwaloza ndiwo angachititse kuti mupatsidwe mapiritsi n'kubwerera kunyumba, kapena kuti ambulansi iitanidwe usiku womwewo.

Chinenero chathu sichisowa mawu. Kumutu tili ndi liwombo, mphumi, tsaya, chibwano ndi nkhongo. Kumkono tili ndi phewa, nkhwapa, chigongono, chikhatho, ndipo ngakhale chala cha mkombaphala chili ndi dzina lakelake. Kumwendo tili ndi ntchafu, bondo, msongolo, kakolo, chidendene ndi phazi. Vuto ndi lakuti tikadwala timasiya mawu enieniwa n'kugwiritsa ntchito mawu aakulu amene amanyamula zinthu zambiri. Munthu akati “ndikudwala chifuwa”, mwina akutsokomola, mwina pakumupweteka pachifuwa popanda kutsokomola konse. Akati “mtima ukundiwawa”, ndipo timupempha kuti aloze, nthawi zambiri chala chimapita pansi pa fupa la pachifuwa, pamene pali chifu. Akati “mwendo”, angatanthauze paliponse kuyambira m'chiuno kufikira ku chala chakuphazi.

Madokotala a m'mayiko ena adakumana ndi chisokonezo chomwechi kale, pamene chiwalo chimodzi chinkakhala ndi mayina angapo. M'chaka cha 1543, Andreas Vesalius, amene ankaphunzitsa ku Padua m'dziko la Italy, adatulutsa buku lokhala ndi zithunzi za thupi la munthu monga adaliwonera ndi maso ake. M'chaka cha 1895 akatswiri adakumana ku Basel n'kugwirizana mndandanda umodzi wa mayina, ndipo mndandanda umene ukugwira ntchito masiku ano, wotchedwa Terminologia Anatomica, udatuluka koyamba mu 1998. Mayinawa ndi a Chilatini ndi Chigiriki. Ndi omwewo amene ana athu amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Malawi College of Health Sciences. Cholinga chake sikubisira wodwala chinsinsi ayi. Cholinga n'chakuti kalata yolembedwa pachipatala chathu chino ikawerengedwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, wowerengayo aike dzanja pamalo enieniwo popanda kuphonya.

Kuti mawu olozera mbali akhale ndi tanthauzo limodzi, a chipatala adagwirizana za kaimidwe kamodzi. Timayerekeza kuti munthu waima chilili, wayang'ana kutsogolo, mikono ili m'mbali, zikhatho zapenya kutsogolo. Ngakhale wodwala ali chigonere kapena chafufumimba, timalongosola thupi lake ngati waima motero. Mukaona mawu akuti anterior m'kabuku kanu, atanthauza kutsogolo, mbali ya nkhope ndi mchombo; posterior ndi kumbuyo, mbali ya msana. Superior ndi chakumutu, inferior ndi chakumapazi. Tikajambula mzere woyerekeza kuchokera pamphuno, kudutsa pamchombo, wogawa thupi pakati, chinthu choyandikira mzerewo timati chili medial, chotalikira kumbali timati chili lateral. Pamkono ndi pamwendo pali mawu ena awiri: proximal ndi kufupi ndi pamene chiwalocho chalumikizana ndi thupi, distal ndi chakunsonga. Choncho gogo akagwa n'kutsamira dzanja, ife n'kulemba kuti fupa lathyoka distal, tikunena kuti lathyokera pafupi ndi polumikizira dzanja, osati kuchigongono. Superficial ndi pamwamba, pafupi ndi khungu, pamene deep ndi m'kati.

Pa mawu onsewa, ofunika koposa ndi kumanja ndi kumanzere. Lamulo ndi lakuti kumanja ndi kumanja kwa wodwala, osati kwa amene akumuyang'ana. Timalemba Rt kutanthauza kumanja, Lt kumanzere, ndi bilateral ngati vuto lili mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake munthu asanalowe m'chipinda cha opaleshoni amafunsidwa mobwerezabwereza dzina lake ndi mbali imene ikudwala, mwinanso kulembedwa chizindikiro pakhungu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika mafunso amenewa pa mndandanda wa zoyenera kutsimikiza opaleshoni isanayambe m'chaka cha 2008. Musakwiye mukafunsidwa katatu funso lomwelo. Mbali imatiuzanso za matenda: mapazi onse awiri akatupa timaganizira za mtima, impso, chiwindi kapena kunyentchera, koma mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka timafufuza bala, mafinya kapena magazi oundana mumtsempha.

Tsopano tibwerere kumimba kuja. Ikani chala pamchombo, ndipo yerekezani mizere iwiri yopingasana pamenepo, wina woima wina wogona. Mimba yagawika zigawo zinayi. Pamwamba kumanja, kunsi kwa nthiti, kuli chiwindi ndi ndulu. Pamwamba kumanzere kuli chifu ndi kapamba, kamene a chipatala amakatcha spleen. Kapamba kamakula mwa anthu amene amadwala malungo pafupipafupi, ndipo kakakula sikachedwa kung'ambika. Munthu amene wagwa pa kabaza kapena wamenyedwa m'nthiti za kumanzere, n'kumamva ululu pamenepo ndi pansonga ya phewa la kumanzere, uku akuchita chizungulire, angakhale akutaya magazi m'kati ngakhale kunja kulibe bala. Ameneyo asagone kunyumba.

Pansi kumanja kuli kathumba kakang'ono kolendewera ku matumbo aakulu, kotchedwa apendikisi. Kakatupa, ululu umayambira pamchombo, ndipo pakapita maola angapo umasamukira pansi kumanja. Dokotala wina wa ku New York, Charles McBurney, adalongosola malo enieni a ululuwu mu 1889, ndipo mpaka lero pamatchedwa dzina lake. Wodwala akatiuza kuti “udayambira apa, tsopano wafika apa”, watithandiza kuposa mmene akudziwira, chifukwa kathumbako kakaphulika moyo umakhala pachiswe.

Amayi, mvetserani izi. Mayi amene wadumphitsa msambo, n'kuyamba kumva ululu waukulu m'munsi mwa mimba mbali imodzi, mwina ndi timagazi tochepa kapena kukomoka, angakhale ndi mimba yokhala m'njira ya mazira m'malo mwa m'chiberekero. Imeneyi imafuna opaleshoni mwamsanga. Mayi woyembekezera wa miyezi yakumapeto akamva kupweteka “pamtima”, pansi pa fupa la pachifuwa kapena kunsi kwa nthiti za kumanja, pamodzi ndi mutu waukulu, kusaona bwino ndi kutupa nkhope, chimenecho ndi chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi koopsa. Malo a pansi pa fupa la pachifuwawo ife timawalemba kuti epigastric. Ndipo kwa wina aliyense, ululu wa kumbuyo, m'munsi mwa nthiti, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza, umaloza ku impso.

Mawu a chipatala amaoneka aatali chifukwa ndi olumikiza, monga mmene ife timalumikizira “mkomba” ndi “phala”. Sub ndi pansi, inter ndi pakati, costa ndi nthiti. Choncho subcostal ndi pansi pa nthiti, intercostal ndi pakati pa nthiti. Mwana wa chibayo akamakoka mpweya, m'munsi mwa chifuwa mumalowa m'kati m'malo motukuka. Mayi amene wavundukula malaya n'kuona zimenezi athamange naye tsiku lomwelo. Mawu othera ndi -itis amanena kutupa kapena kunyerenyetsa kwa chiwalo. Derma ndi khungu m'Chigiriki, cutis ndi khungu m'Chilatini, kotero dermatitis ndi kutupa kwa khungu, ndipo subcutaneous ndi kunsi kwa khungu.

Apa ndafika pa khungu lenilenilo. Ambiri sitiliwerengera ngati chiwalo, komatu ndilo chiwalo chachikulu koposa zonse. Khungu la munthu wamkulu litayalidwa lingakwane masikweya mita 1.5 mpaka 2. Limatsekereza tizilombo kunja, limasunga madzi m'thupi, limaziziritsa thupi ndi thukuta, ndipo limatidziwitsa za kutentha, kuzizira ndi minga. Lili ndi magawo atatu osanjikizana. Lapamwamba ndi epidermis, lopyapyala, lopanda mitsempha ya magazi, limene limafundudzuka n'kumera lina pafupifupi mwezi uliwonse. Lachiwiri ndi dermis, mmene muli mitsempha ya magazi, mitsempha yomvera kukhudza ndi ululu, mizu ya ubweya ndi timatumba ta thukuta. Lachitatu ndi la mafuta, limene limayala pamwamba pa mnofu. Lumo la mphini likatulutsa magazi, ndiye kuti lafika m'gawo lachiwiri, ndipo khomo latsegukira tizilombo ta kafumbata ndi matenda ena oyenda m'magazi.

Magawowa ndiwo amachititsa kuti majakisoni asiyane. Katemera wa BCG, woteteza ana ku chifuwa chachikulu, amabayidwa m'kati mwa khungu momwemo, pamwamba pa mkono, ndipo timalemba ID. N'chifukwa chake amasiya kachipsera kamene ambiri a ife tili nako. Katemera wa chikuku ndi insulini ya odwala shuga zimalowa m'gawo la mafuta, ndipo timalemba SC. Akatemera ena a makanda amalowa mumnofu wa ntchafu, kutsogolo chakumbali, ndipo timalemba IM.

Magawowa amatithandizanso kuyeza kupsa, kumene kumachuluka m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene ana ndi odwala khunyu amayandikira moto. Kupsa kwa pamwamba kumawawa koma sikutulutsa matuza. Kukafika m'gawo lachiwiri kumatulutsa matuza ndipo kumapweteka koopsa. Kukapyola magawo onse, pamalopo pamauma, pamayera kapena kuda ngati chikumba, ndipo sipapweteka chifukwa mitsempha yomvera yapsa. Choncho bala la moto losapweteka ndilo loopsa kwambiri. Poyeza kukula kwake, chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala zake chimaimira pafupifupi gawo 1 mwa magawo 100 a khungu lake lonse. Kwa munthu wamkulu mutu ndi magawo 9, mkono uliwonse 9, mwendo uliwonse 18, kutsogolo kwa thupi 18, kumbuyo 18. Mwana amene wapsa malo okwana zikhatho zake 10 amataya madzi ambiri ndipo amafunika diripi. Kupsa kwa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena polumikizira mafupa kupite kuchipatala ngakhale kuli kochepa. Chithandizo choyamba ndi kuthira madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka kuphimba ndi nsalu yochapa bwino. Mazira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano ndi ndowe zisayandikire pabalapo.

Pa nthenda za pakhungu, malo amene zatulukira ndiwo amatchula dzina la nthendayo. Mphere zimakonda pakati pa zala, polumikizira dzanja, m'khwapa, m'chiuno ndi m'mphechepeche, ndipo zimayabwa kwambiri usiku. Mankhwala ake ayenera kupakidwa ndi onse a m'nyumbamo nthawi imodzi. Chipere chimapanga mkombero, ndipo pamutu pa mwana chimathothola tsitsi. Chikuku chimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsikira kumapazi. Mashingozi amatuluka ngati lamba mbali imodzi ndipo sadumpha mzere wapakati uja, chifukwa amatsata mtsempha umodzi womvera. Khungu likada n'kumasupuka pamalo owombedwa ndi dzuwa okha, monga m'khosi ndi kuseri kwa manja, munthu uku akutsekula m'mimba, timaganizira pellagra, nthenda ya kusowa kwa vitamini wotchedwa niacin mwa anthu odya chimanga chokhachokha. Idavuta kwambiri pakati pa abale athu othawa nkhondo a ku Mozambique amene adali m'dziko muno m'zaka za 1989 ndi 1990. Mtedza, nyemba ndi nsomba zimaiteteza.

Ndikhalitse pang'ono pa khate. Dziko lathu lidafika mu 1994 pa mlingo umene khate silinkawerengedwanso ngati vuto lalikulu la dziko lonse, koma silidatheretu, ndipo odwala atsopano akupezekabe. Limayamba ndi banga lotuwa kapena lofiirira, losayabwa, losapweteka, lochita dzanzi. Kusiyana kwake ndi zikanga ndi kumeneku: wodwala atseke maso, wina akhudze pabangapo ndi kathonje, ngati sakumva, apite kuchipatala. Kachilombo kake kadapezedwa ndi Gerhard Armauer Hansen ku Bergen, m'dziko la Norway, mu 1873, choncho si ufiti kapena temberero. Pano kuwerenga mawanga n'kofunika: akakhala 1 mpaka 5 mankhwala amamwedwa miyezi 6, akapyola 5 amamwedwa miyezi 12. Mankhwalawa ndi aulere ndipo amachiza. Banga la kumsana kapena kumatako mwiniwake salipenya, n'chifukwa chake timapempha kuona thupi lonse. Kupunduka kwa zala kumadza chifukwa cha kuchedwa, pamene mitsempha yomvera yafa kale ndipo munthu akupsa kapena kulasidwa osamva.

Mtundu wa khungu umachokera ku utoto wotchedwa melanin, umene umapangidwa pansi penipeni pa gawo lapamwamba lija, ndipo ntchito yake ndi kutchinga dzuwa. Abale athu achialubino amabadwa ndi thupi losapanga utotowu mokwanira. Kusiyana kwake ndi kokhako. Mafupa awo, magazi awo ndi ziwalo zawo n'zofanana ndi za wina aliyense. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Mdani wawo wa tsiku ndi tsiku ndi khansa ya pakhungu, imene imayambira pamalo owombedwa ndi dzuwa: pakhutu, pamlomo, pamphumi, kunkhongo ndi kuseri kwa manja. Pamalo pokhakhala kapena kachilonda kosapola zikaonetsedwe msanga, zikadali zazing'ono. Chipewa chachikulu, malaya a mikono yaitali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mpando wa pamthunzi kusukulu ndi zinthu zimene mudzi uliwonse ungathe kuonetsetsa kuti zilipo.

Khungu la mwana limanenanso za m'kati. Zikhatho zikatumbuluka, magazi achepa. Mukatsina khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ilo n'kuchedwa kubwerera, thupi latha madzi. Momwemonso liwombo likalowa m'kati, mwanayo akufunika Thanzi ndi chipatala, osati zomata pamutu. Alangizi athu akamayeza mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu, amayeza pakati penipeni pa phewa ndi chigongono. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, muyeso wosafika masentimita 11.5 umagwera pofiira, kusonyeza kunyentchera koopsa.

Tsono mukapita kuchipatala, kapena mukaimba ku Chipatala cha pa Foni kumene wokuyankhaniyo saona chala chanu, konzekerani kunena zinthu zisanu. Nenani malo ake ndi dzina lake lenileni. Nenani mbali, kumanja, kumanzere kapena konsekonse. Nenani ngati zili pamwamba kapena m'kati. Nenani pamene zidayambira ndi kumene zasunthira. Nenani tsiku limene zidayamba. Ngati vuto lili kumalo obisika, musaloze pamchombo chifukwa cha manyazi pamene ululu uli m'chinena. Muli ndi ufulu wopempha kuti pakhale namwino kapena mbale amene mukumasuka naye. Wodikirira wodwala aziona thupi lonse posambitsa, makamaka kumsana, m'chiuno ndi ku zidendene za wogona nthawi yaitali, kumene kumayambira zilonda. Ndipo musatuluke m'chipinda musanafunse kuti zimene zalembedwa m'kabuku kanu zikutanthauza chiyani. Safunsa adadya phula. Kukufotokozerani m'Chichewa ndi ntchito yathu.

Ndili ndi mapempho atatu kwa komiti ino. Loyamba, mafumu apereke mphindi zochepa pa misonkhano ya m'midzi kuti alangizi a zaumoyo aziphunzitsa zimene ndakambazi, aliyense akuloza pathupi pake. Lachiwiri, makomiti a chitukuko a m'midzi agwirizane ndi aphunzitsi aakulu kuti ana a sukulu aziwonedwa khungu teremu iliyonse, pofufuza mphere, chipere ndi mawanga a dzanzi. Lachitatu, mudzi uliwonse ukhale ndi dongosolo lodziwika la njinga kapena galimoto yotengera wodwala usiku, chifukwa kudziwa kuti ululu wa pansi kumanja ndi woopsa sikupindula ngati wodwalayo adikira mpaka kuche. Wapampando, ndikupempha kuti mfundo zitatuzi zilembedwe m'zokambirana za lero, ndipo pa msonkhano wotsatira gulupu aliyense adzanene pamene wafika.